Fodya wa pachala ndi mbale za agogo

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ananena zimenezi foni kulibe, koma zikuoneka kuti anali atailota, pakuti lero malonda onse asamukira pachala. Timatsatsa ndi chala, timanenerera ndi chala, ena mpaka kufunsira mbeta ndi chala, pomwe mphepo sinasinthe khalidwe. Ku Nchenachena, m'tsinde mwa mapiri a Nyika, za mphepo safotokozerana: ikafika miyezi ya Juni ndi Julayi imatsika yokha n'kulowa m'bulangete osaodira.

Malonda amene andikumbutsa mwambiwu ndi a mbale za nyimbo, zakuda zija za pa galamafoni ndi gumbagumba. Tonse tinkadziwa kuti zinamwalira. Kaseti ndiyo inakumba manda, CD inanyamula bokosi, memori khadi n'kuwerenga chipepeso. Koma malemuwo adzuka, ndipo adzuka ndi mtengo. Ku America mu 2022 anthu anagula mbale 41 miliyoni pomwe ma CD anagula 33 miliyoni, koyamba kuti mbale zipose ma CD chichokere 1987. Pa Discogs, tsamba limene linayamba mu 2000, munthu wa ku Tokyo amagula mbale kwa munthu wa ku Lusaka osafunsana n'komwe za kunyumba.

Tsono taganizirani mnyamata wa ku Nchenachena amene wamaliza Fomu 4, ntchito kulibe koma bandulo alipo. Waona pa foni kuti chimbale chotchedwa Africa, chimene gulu la Amanaz la ku Kitwe linatulutsa mu 1975, chikakhala chenicheni cha nthawi imeneyo anthu amachilimbirana ndi madola mazanamazana. N'chimodzimodzi mbale za WITCH ndi za Paul Ngozi, makamaka kuchokera pamene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kutulutsanso nyimbo za ku Zambia zotchedwa Zamrock. Pompo wakumbukira sutikesi yachitsulo ili kunsi kwa bedi la agogo. Masutikesi otere si achilendo m'boma la Rumphi. Amuna ambiri anakagwira ntchito ku migodi ya Copperbelt, ena ku Salisbury, ena ku Joni pa Wenela mpaka pamene ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974 inachititsa boma kuimitsa maulendowo. Pobwerera ankatenga njinga, jekete lalitali, gumbagumba ndi mulu wa mbale: Mahlathini ndi Mahotella Queens, Franco, komanso Jim Reeves amene sankasowa m'nyumba ya munthu wodzilemekeza. Usiku womwewo mnyamata wathu wachulukitsa madola ndi kwacha, wagula kale njinga yamoto, wafolera nyumba ndi malata, wasankhanso mtundu wa penti. Fodya ali pachala.

Mphepo yoyamba ndi agogo eniakewo.

"Iwe mwana, ukuti ugulitse chiyani?"

"Mbale zija agogo. Pali mzungu wa ku Germany akuzifuna."

"Iyeyo alibe agogo ake?"

Gumbagumba inasiya kulira zaka zambiri zapitazo, komabe agogo akudziwa mbale iliyonse kumene anaigula, amene anavina naye, ndi amene anaibwereka osabweza. Wobwerekayo anamwalira kalekale koma mlandu wake ukadali moyo. Kuti avomere pafunika shuga, sopo ndi lonjezo loti imene anafunsirira agogo aakazi isakhudzidwe.

Mphepo yachiwiri ili m'sutikesi momwemo. Zaka 50 si masewera. Chikuto china chiswe chinadya kuyambira pa nkhope ya woimba. Mbale ina inapindika chifukwa inagonekedwa pansi pa zinzake m'malo moimikidwa, ina adzukulu ankaiponya m'mwamba kuti aone ngati iuluka, ndipo ina ya 78, mtundu wosachedwa kusweka uja, inatsala theka. Kumeneko n'kumene ogula amabwera ndi magiredi awo. Mlimi aliyense wa m'chigwa cha Henga amene anaperekezapo belo la fodya ku okushoni ku Mzuzu akudziwa mmene mtima umagundira mlendo akamapotokola mphuno pa thukuta lako la chaka chonse. Mbale nazo zimayambira pa Mint, yosakandika paliponse, n'kumatsika mpaka Poor. Giredi yotchedwa Good, imene mnyamata wathu adzaithamangira, ndi yachitatu kuchokera pansi, ndipo ndalama yake imathera pa mchere. Ukanamiza giredi, wogula amabweza katundu n'kulemba dandaulo poti dziko lonse liwerenge. Mlandu wa pa intaneti sutha ndi nkhuku kwa amfumu.

Ukadutsa pamenepo, wogula amayamba mafunso. Akufuna chithunzi cha kutsogolo, cha kumbuyo, ndi cha timanambala tozokotedwa pafupi ndi chibowo cha pakati, timene timasonyeza ngati mbaleyo ndi yoyambirira kapena yobwereza. Mnyamata ali pachulu, dzanja m'mwamba, kusaka netiweki, anthu opita kumunda akumuyesa wayamba tchalitchi. Chithunzi chikangodutsa, funso lina lafika: imalira bwanji? M'mudzi monse mulibe singano yamoyo. Wogulitsa nyimbo akugulitsa zimene iye sanazimvepo.

Nanga ulendo? Mbale imaopa dzuwa, imaopa kupanikizidwa, imaopa chilichonse chimene minibasi imakonda. Uikulunge bwino m'katoni yolimba, ukwere nayo kabaza mpaka pa msewu wa M1, kenako uchonderere kondakitala kuti thumba la chimanga alikhazike pena. Ukafika ku Mzuzu n'kumva mtengo wotumizira phukusi ku Ulaya, m'pamene umazindikira kuti Jim Reeves anadindidwa miyandamiyanda padziko lonse, ndipo mtengo wa ulendo wake ukuposa mtengo wa mwini wakeyo. A Reeves abwerere kunsi kwa bedi.

Yotsiriza ndi mphepo ya ndalama. Wogula wa ku Berlin sadziwa Mpamba kapena Airtel Money. Ndalama idutse kaye ku banki, eni msika atapepo gawo lawo, a banki atapeponso lawo. Pamene ikufika, mbiri inafika kale. Msuweni ali ndi vuto la feteleza, azakhali akumbukira kuti sutikesi ija anaisenza ndi iwo pochokera pa siteji, ndipo amalume apeza kuti mbale ndi chuma cha banja.

Musayese ndikugwetsa mphwayi. Phindu lilipo ndithu. Sitolo ya pa intaneti ilibe lendi, ilibe mlonda, ndipo imakhala yotsegula ngakhale mwini wake ali kumunda. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense anaona ubwino wogulitsa kanthu kwa munthu wolipira madola. Anthu a kuno si alendo pa malonda akunja: khofi wa m'mapiri a Phoka amamwedwa kutsidya kwa nyanja kudzera ku Mzuzu Coffee, ndipo alimi ake akudziwa kuti mtengo wabwino umabwera ndi kusankha bwino, kunena zoona pa giredi, ndi kudekha. Amene angaphunzire kusiyanitsa mbale wamba ndi yosowa, monga timbale ta 45 timene Nzeru Record Company inkatulutsa ku Blantyre, akhoza kulipira fizi ya mng'ono wake ndi katundu amene ena amavindikirira mtsuko.

Kusiyana kwake n'kumodzi. Khofi ukagulitsa, chaka chamawa mtengo umaberekanso. Mbale ya agogo sibereka. Mu 1950 ndi 1958 Hugh Tracey anayenda m'dziko muno kujambula nyimbo za Atumbuka, Atonga ndi Achewa, ndipo lero zimasungidwa ku International Library of African Music pa Rhodes University ku South Africa. Zinasungika bwino, tiyamike, koma zinasungikira kutali. Tikatumizanso zotsala m'masutikesi tisanazimve, tidzakhala anthu amene ananunkhizitsa dziko lonse fodya wawo, iwo eni osayetsemulako n'kamodzi komwe.

Choncho inu a sutikesi, musanamate katoni, funani singano ngakhale yobwereka. Iimbeni mbaleyo pakhonde agogo akumva, ijambuleni pa foni, ndipo mulembe dzina la woimba, chaka chake ndi nkhani ya mmene inafikira pakhomopo. Mukatero gulitsani, pa mtengo umene mwafufuza nokha osati umene wakuuzani wogula. Za njinga yamoto muyambe kukamba uthenga wa ku banki ukalowa.