Malangizo kwa Ofuna Kuumitsa M'kamwa Mwawo

Inu akuluakulu amene mumadzuka mbandakucha lilime lili gwa, mawu akukana kutuluka, tcherani khutu, pakuti ndikulangizani m'mene mungatayire ndalama zanu mwaulemu pa mankhwala ochukuchira m'kamwa.

Lamulo lalikulu ndi ili: sankhani botolo limene madzi ake amaotcha kufikira misozi italengeza, popeza tonse tidavomerezana kalekale kuti mankhwala osawawa ndi madzi chabe. Listerine wakale uja, amene adapangidwa ku America m'chaka cha 1879 kuti azipha tizilombo pochita opaleshoni, ali ndi mowa wokwana pafupifupi magawo 27 pa 100 alionse, koposa kasanu mowa wa m'bala. Ndipo popeza mowa umaotcha ndi kuumitsa m'kamwa mouma kale, indetu mudzakhala mwalipira kuti vuto lanu likule.

Musayerekeze kuwerenga timalemba ta kuseri kwa botolo, kuopa kuti mungapeze ena opanda mowa, monga Biotène, okhala ndi glycerin ndi xylitol, amene amanyowetsa m'kamwa kwa maola angapo popanda kukuliritsani. Chlorhexidine ngwa nkhama zotupa, wogwiritsa ntchito masiku owerengeka; inu chukuchirani miyezi, kuti muzimwetulira alamu anu ndi mano ofiirira.

Soda wophikira therere ndi kamchere m'kapu ya madzi ofunda, chingamu wopanda shuga wodzutsa malovu, madzi omwa pang'onopang'ono: zinyozeni zonsezo, nzotchipa, zosayenera munthu wovala tayi. Za fodya, khofi ndi kugona kukamwa kuli yasa, pitirizani monga mwa nthawi zonse.

Koposa zonse, musawauze adokotala. Zakuti safunsa adadya phula nzokamba agogo kumudzi. Koma apa mtima wandipsa. Munthu amatulutsa malovu kuyambira theka la lita kufikira lita ndi theka pa tsiku, ndipo akaphwa pamakhala chifukwa chake: mwina Piriton, mwina amitriptyline, mwina mapiritsi okodzetsa a BP, matenda a shuga, kapena nthenda ija Henrik Sjögren wa ku Sweden adaifotokoza mu 1933. Palibe botolo lochiza zimenezi, ndipo mano osowa malovu sachedwa kubooka.

Tsono akayamba kubooka, bwana, musade nkhawa. Bwererani ku sitolo, mukagule botolo lachiwiri, lalikulupo, lobiriwira kwambiri.