Pepala la echo pa siteji ya Ginnery Corner

Pa siteji ya minibasi ya Ginnery Corner, pafupi ndi chipatala cha Queens, bambo wina wa imvi anali atatambasula pepala la zotsatira za echo, chala chili pa nambala imodzi.

"Waona apa? 45 peresenti. Ndiye kuti theka la mtima wanga linafa kale."

Mtsikana amene anawaperekeza anapukusa mutu. "Ayi malume, simunamvetse. Adokotala anati mtima ukafinya sutulutsa magazi onse. Ngakhale wa munthu wabwinobwino umatulutsa 55 mpaka 70 pa 100. Wanuwu watsikako, inde, koma chimene anadandaula nacho kwambiri ndi khoma la mtima. Lakhuthala."

Mwanayo anamva bwino. Echo ndi sikani yofanana ndi ya amayi oyembekezera: amapaka mafuta oterera pachifuwa, n'kuyendetsapo kachipangizo, mtima n'kumaoneka ukugunda pa sikirini. Khoma limakhuthala mtima ukatha zaka ukukankha magazi molimbana ndi BP yokwera. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti mwa Amalawi atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa n'komwe.

"Mapiritsi aja ndinasiya mutu utasiya kupweteka," anatero bambo aja, mawu ali pansi. "Ndimati ndachira."

Mawu amenewa anandipweteka mumtima, chifukwa ndawamvapo kwa anthu ambiri, ena tinawaika kale m'manda. BP imatha kufika 160 munthu akulima, akuseka, osamva kalikonse. Mapiritsi ake ndi a tsiku ndi tsiku, kaya mutu ukupweteka kaya ayi.

Mtsikana uja sanawakalipire. Anangoti, "Mawa mukayambirenso, malume. Ndipo mchere uja mumathira ndiwo musanalawe, basi."

"Ndiye ndizidya ngati ndagonekedwa mu wodi?"

"Anati kasupuni ka tiyi kamodzi, tsiku lonse."

Ndi magalamu 5 amene bungwe la WHO limanena, kuwerengera ndi mchere wobisala: wa m'timakyubu tokometsera ndiwo, wa pa tchipisi cha pachiwaya, wa pa kanyenya wa Loweruka. Soda wa m'therere nayenso ali m'gulu lomwelo, pakuti ali ndi sodium yemweyo amene amakweza BP. Mtsikana uja atatchula za kuyenda wapansi mphindi 30 masiku asanu pa sabata, bambo aja sanatsutse, anati kudimba n'kutali kale. Za fodya anangoti zii, n'kugwira thumba la jekete.

"Koma therere lopanda soda lingapse?" anafunsa bambo aja.

Anayankha ndi mayi wogulitsa nthochi, amene ankamvetsera chimodzimodzi ngati ine. "Limapsa, bambo. Mulidule ting'onoting'ono, madzi awire kaye, muthire tomato wambiri. Amuna anga ndi a BP, ndimawaphikira choncho."