Nkhono ya pa Namadzi

Akuluakulu amene anati kuona maso a nkhono n'kudekha sanachitepo hayala kosita. Sindikuwanyoza ayi. Koma iwo ankakhala pakhonde nthawi ya dzinja, nkhono n'kumabwera yokha, popanda dalaivala woimba hutala kuti nthawi yatha. Ife a lero nkhono timachita kuilondola komwe ili, titasonkha ndalama, titalemba pulogalamu, ndipo timafuna kuti ikatiyang'ane isanakwane 3 koloko chifukwa kunyumba tasiya zovala pachingwe.

Banki m'khonde yathu ya ku Soche East inaswa bokosi mu Disembala. Aliyense atalandira gawo lake, panatsala kathumba ka ndalama za chindapusa, zomwe timalipiritsa munthu akachedwa kumsonkhano. Kathumbako kanali konenepa kuposa momwe gulu la anthu olongosoka liyenera kunenepetsera thumba lotero. Atcheya anati ndalama za kuchedwa sizigawidwa, tidyere limodzi. Amayi ambiri anafuula kuti kunyanja, ku Mangochi. Msungichuma anatenga foni, anawonkhetsa, anachotsera, n'kulengeza kuti ndalamazo zikatitula pa Liwonde osabwerera. Apa mpamene mwana wa mlongo wa membala wina, mnyamata amene amalondolera alendo, anatipatsa Zomba: tauni yakale, mathithi a paphiri, ndipo nyanja nayo mukaiona. Mawu akuti mukaiona tinawamva molakwika. Ena anatenga matawulo.

Pulogalamu inabwera pa WhatsApp ili ndi mphindi zake. Kunyamuka pa Kamba 6:00. Kufika ku Zomba 7:30. Tauni yakale maola awiri. Mathithi maola awiri. Inali pulogalamu yokongola, yolembedwa ndi munthu amene sanafunse komwe ndalama za ulendowo zinachokera.

Tinanyamuka 8:40. Woyamba kufika anali bambo wina wachikulire wa ku Chimwankhunda, atavala jekete ndi tayi, amene anagwirapo ukalaliki m'maofesi a boma ku Zomba likulu lisanasamuke. Womaliza anali Atcheya. Pakatipo panafika makula bokosi atatu, poto wa mpunga, sipika yaikulu ngati mwana wa Sitandade 4, ndi mlamu wa wina amene sanasonkhe koma anamva kuti pali malo. Titafika mu Limbe dalaivala anakumbukira kuti galimoto imayendera dizilo.

Apa mpofunika ndiime pang'ono, nditeteze mtundu wanga. Pali anthu amene amati Amalawi a m'tauni tinataya kudekha kwa makolo. Bodza limenelo. Munthu wa mu Blantyre ndi katswiri pa kudekha. Wagonapo m'galimoto pa mzere wa mafuta. Wakhalapo pa mpopi ndi ndowa 2 koloko usiku kumvetsera ngati paipi yayamba kutsokomola. Wakhalapo mu minibasi ya ku Limbe yomwe kondakitala akulumbira kuti yatsala munthu mmodzi, pomwe anthu anayi omwe akhalamo ndi anzake oitanira. Kudekha tili nako kochuluka. Vuto ndi lakuti kumathera panjira, ngati ndalama ya munthu wopita kumsika kudzera kumowa. Pofika pamene pali nkhono, m'thumba mwatsala zero.

Wotilondolera uja anali mnyamata wanzeru, ndipo anachita zomwe amachita aliyense amene nsalu yamuchepera: anadula mbali yomwe sidandaula. Nyumba zakale sizidandaula. Choncho tauni yakale ya Zomba tinaionera pawindo.

Koma mnyamatayo mbiri amaidziwa, chilungamo chinenedwe. Ataima pafupi ndi chitseko, atagwira chitsulo, anayamba kuthira ngati wowerenga uthenga wa maliro pawailesi. Zomba inakhala likulu kuyambira mu 1891, nthawi ya Harry Johnston, mpaka mu 1975 pamene Kamuzu anasamutsira boma ku Lilongwe. Aphungu anapitiriza kukumana konkuno mpaka mu 1994. Uko ndi chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles, mafoni pansi chonde, pano ndi pafupi ndi Cobbe Barracks. Chipilala chimenecho ndi chinthu chokhacho m'tauni yonse chomwe tinachiona ndi maso athu enieni, chifukwa cha mantha. Kenako ndende yaikulu, kenako Gymkhana Club komwe azungu ankapumulirako kutopa kolamulira, kenako nyumba ya malamulo yakale, kenako nyumba ya mu 1886 yomwe inadzakhala hotela ya Masongola, kenako munda wa mitengo ndi maluwa womwe anauyambitsa Alexander Whyte. Yang'anani uku, yang'anani uko. Tinkangogwedeza mitu ngati agulo. Zaka 84 za likulu la dziko tinazimaliza m'mphindi 20, ndipo zisanu mwa mphindizo tinali kudikira njinga yonyamula matabwa kuti ipatuke.

Bambo a tayi aja anakweza dzanja ngati mwana wasukulu. Anati akupempha kutsika pang'ono pa maofesi akale aja, akangoona khomo lomwe ankalowera.

"Madala, tikamabwerera," anatero mnyamatayo.

Aliyense amene anakulira m'dziko muno amadziwa kuti tikamabwerera ndi m'bale wake wa tidzaona. Bambowo anatsitsa dzanja, n'kukonza tayi.

Ine sindingaloze chala, chifukwa ndili ndi mlandu wanga. Ndakhala mu Blantyre zaka zoposa makumi awiri. Mandala House, yomwe inamangidwa mu 1882, ndimaidutsa ngati chitsa. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomwe David Clement Scott anamanga ndi anthu akuno kuyambira 1888 mpaka 1891 iye asanaphunzirepo za mapulani a nyumba, ndinalowamo kawiri, konse ku ukwati, ndipo maso anga anali pa wotchi kuwerengera nthawi ya phwando. Phiri la Soche lili kuseri kwa bafa langa, koma sindinalikwerepo. Ndiye ndinalipira kuti ndikaone njerwa zakale za eni ake pa liwiro la makilomita 40 pa ola.

Msewu wokwera phiri la Zomba ndi wokhotakhota, mbali ina khoma, mbali ina phompho. Sipika yomwe inkaimba za achinyamata kuchokera pa Njuli inazimitsidwa, amayi n'kuyambitsa nyimbo ya kutchalitchi popanda wowauza. Mlamu wosasonkha uja ndiye ankaimba besi mwamphamvu kuposa onse, mwina poganiza kuti dzina lake palibe pa mndandanda uliwonse, wapansi pano ngakhale wakumwamba.

Pamwamba tinakumana ndi anyamata ogulitsa masitiroberi, mabulosi ndi timiyala tonyezimira. Apa ndiye kudekha kwa makolo kunadzuka kumanda. Mayi amene sakanatha kupereka mphindi imodzi kwa nyumba ya malamulo anaima mphindi 25 kunenerera kambale ka zipatso. Anachoka, anabwerera, anachokanso, analawa, ananena kuti n'zowawasa, analawanso kuti atsimikize. Mnyamata wogulitsayo naye sanali wa dzulo. Awiriwo anayang'anana m'maso mpaka wina anatulutsa tinyanga. Ndikanakhala wolemba miyambi, ndikanati malo okhawo omwe mwambi uja ukugwirabe ntchito mokwanira ndi pa mtengo wa katundu.

Tinadutsa damu la Mulunguzi, lomwe limamwetsa mzinda wa Zomba, anthu a ku Soche tikuliyang'ana madzi ake ndi diso la mwana wamasiye poona mphika wa eni. Kenako tinatsika, n'kuyenda pang'ono m'kanjira konyowa, mpaka tinamva mkokomo. Mathithi a Williams si aatali ngati a Manchewe ku Livingstonia, komanso alibe ukali wa Kapichira pa Shire. Ndi mtsinje wa Mulunguzi ukutsika masitepe a miyala, madzi oyera, ozizira mpaka m'mano, mitengo itaphimba pamwamba. Ndi malo oti munthu ukhale pansi, utseke pakamwa.

"Mphindi 15, makolo anga!"

Zomwe zinachitika kenako ndimazilingalirabe. Anthu 26, titayenda makilomita pafupifupi 70, titadya chindapusa cha chaka chathunthu, tinafika pa mathithi n'kuwafulatira. Tonse. Munthu sungajambule nkhope yako ndi madzi pamodzi utawayang'ana madziwo. Panali mwala umodzi wabwino kuimapo, ndipo pa mwalawo panapangika mzere, chifukwa ife tikaona chinthu chabwino mwendo umafola wokha. Wina anasintha chitenje katatu kuti anthu adzaganize kuti anabwera maulendo atatu. Wina ankayendayenda foni ili m'mwamba ngati akudalitsa nkhalango, kusaka netiweki, poti chithunzi chosatumizidwa n'chimodzimodzi ulendo wosapita. Atcheya anajambulitsa ataloza madzi ndi chala, maso ali kwa wojambula, ngati nduna yotsegulira mjigo.

Mathithiwo ndinawaona bwinobwino Lolemba, ku ofesi, pa foni. Ali kuseri kwa khutu langa lakumanzere. Akuoneka kuti anali okongola.

Nanga nyanja ija? Mnyamatayo sananame. Anatikweza mpaka pa Emperor's View, pomwe anaimapo mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, mu 1965, yemweyo wa msewu wa m'tauni mwathu uja. Chapafupi pali Queen's View, pokumbukira amayi ake a Mfumukazi Elizabeth omwe anafika mu 1957. Kukakhala kowala, pamenepo umaona chigwa chonse, nyanja ya Chilwa, chilumba cha Chisi, ndi phiri la Mulanje chapatali. Ife tinapeza nkhungu. Yoyera, yonenepa, yoti ukatambasula dzanja zala zako zimakhala mphekesera. Mnyamatayo sanafooke. Analoza m'nkhungumo n'kumati apo pali Chilwa, apo Chisi, apo Mulanje, mukanafika 10 koloko monga mwa pulogalamu mukanaona zonse. Amayi a matawulo anafunsa ngati pali njira yotsikira kumadziko. Bambo a tayi anawatonthoza kuti asadandaule, Chilwa ndi nyanja yozolowera kusowa: inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 anthu ankayenda pansi pomwe pankadutsa mabwato. Tinajambula nkhunguyo. Mpunga tinadyera m'galimoto, ikutsika.

Pa maofesi akale tinadutsa osaima. Bambo aja sanakwezenso dzanja.

Titangopitirira Thondwe, chakufupi ndi Namadzi, kosita inalira ngati mbuzi yomangidwa, n'kutulutsa fungo la mphira, n'kuima. Dalaivala anatsegula, anayang'ana, anaimba mluzu wa munthu amene waona ngongole. Fanibeluti. Anakwera kabaza wa njinga yamoto kukasaka ina, n'kutisiya m'mbali mwa msewu, mvula itangokata, dzuwa likupendeka.

Anthu anayamba kuwira. Wina zovala pachingwe, wina ana, wina mpira wa pa TV. Ndipo mnyamata yemwe uja, amene anatithamangitsa tsiku lonse ngati nkhuku zolowa m'munda, anaima patsogolo pathu, anapinda manja mwaulemu, n'kunena kuti: "Makolo anga, tisapse mtima. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha."

Panadutsa kanthawi popanda woyankha. Kenako bambo a tayi anati, "Mwana wanga, mwambi umenewu unali m'thumba mwako tsiku lonse?"

Ndazindikira kuti umu ndi momwe mwambiwu umagwirira ntchito masiku ano. Sautchula munthu amene akudikira. Amautchula amene akukudikiritsa. Uli pakamwa pa wokongola ndalama zako, pa telala amene anadya kale ya nsalu yako, pa mkulu wolonjeza mlatho chaka cha chisankho. Makolo anaupanga kuti ukhale mankhwala omwa wekha, ife tinausandutsa jakisoni wobaya ena.

Tinakhala pamenepo maola atatu. Mafoni anali atafa kale, mabatire atathera pa makutu athu ndi nkhungu. Poti panalibe chochita, bambo aja anayala mpango pa kula bokosi, anakhalapo, n'kuloza chakum'mawa. Anati kuseri uko ndi ku Magomero, komwe Bishopu Mackenzie anamanga mishoni mu 1861, komwenso anthu a John Chilembwe anakadula mutu wa William Jervis Livingstone mu Januwale 1915 chifukwa cha nkhanza za thangata. Anafotokoza pang'onopang'ono, akubwerera m'mbuyo, akukonza zomwe wanena, n'kulowetsamo za ku Zomba: momwe mafayilo ankamangidwira ndi chingwe, momwe malole ananyamulira makabati kupita ku Lilongwe, momwe khomo lija linkalirira ukalitsegula m'mawa. Khomo lomwe anatikaniza kuliona tinalimva kulira kwake pa Namadzi. Mnyamata wotilondolera anakhala pansi pa udzu, n'kumafunsa mafunso.

Ndiye wina anati, "Taonani."

Inatuluka mu udzu wonyowa, yaikulu ngati chibakera cha mwana, n'kukwera m'mphepete mwa tala pafupi ndi tayala lakumbuyo. Mlamu wosasonkha anaigogoda ndi kamtengo, iyo n'kubwerera m'nyumba mwake. Amayi anamukalipira onse pamodzi, mwina pophatikiza ndi mlandu wa mpunga. Tinaizungulira, anthu akuluakulu a maudindo athu, titanjuta, tili chete. Patapita nthawi inatulutsa mutu, kenako tinyanga tiwiri tatifupi, kenako tiwiri tatitali. Kunsonga kwa tatitalito kuli kadontho kakuda, kochepa ngati njere ya bonongwe. Inatembenuzira kamodzi kwa Atcheya, kena kwa msungichuma. Anthu asanu anapisa m'matumba n'kutulutsa mafoni akufa.

Pamene dalaivala amabwera ndi fanibeluti, nkhonoyo inali itadutsa tayala lakumbuyo, itadutsa chitseko, ili pafupi ndi tayala lakutsogolo, yalunjika ku Limbe. Pa maola atatu amenewo inatisiya ndi mamita anayi.

Tinafika pa Kamba 10 koloko usiku. Tisanatsike, msungichuma anayatsa tochi, anatsegula kope, n'kutikumbutsa kuti pulogalamu inati kufika 5:30, ndipo malamulo a gulu sasankha malo. Anatilemba tonse 26, kuphatikizapo mlamu uja, amene tsopano dzina lake lili pa mndandanda. Akuti tikapitiriza chonchi, chaka chamawa ndalama zikwana za ku Mangochi.