Ka "to" ka ku Area 43 ndi mapulani athu opanda tsiku

Munthu wofuna kuphunzira Chingerezi popanda kulipira fizi angokwera kabaza m'mamawa, atsike ku Area 43, n'kumayenda pansi akuwerenga zikwangwani za pamageti pamodzi ndi nyuzipepala zimene alonda amayala pamawondo. Pageti ili palembedwa "house to let", pa linalo "office space to let", ndipo m'nyuzipepalamo akufuna munthu wokhala ndi "ability to work under pressure" komanso "willingness to learn". Tsamba loyamba likukamba za "plans to construct", lachiwiri za "efforts to improve". Kamangidwe kake n'kamodzi: dzina patsogolo, kenako kamawu ka zilembo ziwiri, to, kenako mneni wambulanda, wopanda nthawi, wopanda mwini. Aphunzitsi amati infinitive. Ine, amene Chingerezi changa chinadutsa pa MSCE monga mbuzi idutsira pampanda, kusiya ubweya pawaya, ndafika poona kuti kamawu aka ndiko kakuyendetsa Lilongwe, ndipo kali ndi tsankho. Kakamachokera kwa mabwana ndi lonjezo, kamayenda kopanda tsiku. Kakamabwera kwa ife ndi chiopsezo, kamafika ndi kalendala m'manja.

Tiyambe ndi mmene kamagwirira ntchito, kuti fizi imene makolo analipira isapite pachabe. Mngerezi ali ndi luso lotenga mneni n'kumuveka jekete kuti aoneke ngati dzina: decide amasanduka decision, refuse amasanduka refusal, fail amasanduka failure, ndipo mfotokozi able amasanduka ability. Chiganizo chachilungamo chimati "the director decided to buy new cars". Pamenepo mwininkhani alipo, tikumuona ndi taye wake, ndipo nthawi ya mneni ikutiuza kuti zinachitika kale. Koma lembani "the decision to buy new cars" muone: bwana uja wazimiririka, ganizo langogwa lokha ngati bango lakupsa, ndipo wofuna kudandaula akadandaule kwa mtengo. Chimodzimodzi "house to let". Nyumba siyenda kukafuna wochita lendi, sikweza mtengo, sitchula lendi m'madola. Alipo amene amachita zonsezi, koma ka to kamuphimba bwinobwino kuposa mpanda wa njerwa ndi waya wamagetsi uli pamwambawo. Kamawuka sikasamala n'komwe ngati dzinalo ndi lochita kapena lochitiridwa. "A dog to guard the house" ndi galu wogwira ntchito, "a dog to feed" ndi galu wongodya, ndipo kamangidwe ka mawu n'komweko. Ku Area 43, kunena zoona, agalu awiriwa kawirikawiri amakhala galu mmodzi, ndipo mlonda amene amamuphikira amadziwa kuti pa awiriwo weniweni ndi uti.

Tsono taonani kamawuka kakakwera ku Capital Hill. Kumeneko kuli banja lonse: plans to, intention to, efforts to, commitment to, measures to. Onsewa ndi ana a bambo mmodzi, ndipo palibe mwa iwo amene ali ndi wotchi. "Plans to rehabilitate the road" ndi mawu oona lero, adzakhala oona chaka chamawa, ndipo adzakhalabe oona msewuwo utasanduka dimba la mpunga, chifukwa chimene chalonjezedwa ndi pulani, osati msewu. Akuluakulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, ndipo zikuoneka kuti olemba malipoti anaumva mwambiwu n'kupeza njira yolonjezera popanda mutu wa munthu kukhala pangozi. Mzinda wathu womwe unaleredwa motero. Lilongwe inakhala likulu mu 1975, koma aphungu analowa m'nyumba yawoyawo ya malamulo kuno mu 2010, patapita zaka 35, mwana wobadwa tsiku la msamuko ali ndi dazi. Wina anena kuti masiku amatchulidwa, ndipo n'zoona. Mu 1998 tinapatsidwa Vision 2020, chaka chili pamutu penipeni. Chakacho chitakwana, mu Januwale 2021 tinalandira Malawi 2063. Ndawerengetsa pa zala, ndabwerezanso ndi foni, yankho likutuluka limodzi: pofika 2063 ine ndidzakhala ndili kumsitu, kumene kulibe ofesi yolandira madandaulo.

Koma kamawu komweka kakatembenuka kuyang'ana kwa ife a ku Kauma, Senti ndi Mtandire, amene timalowa ku Area 43 pakageti kakang'ono, kamasintha nkhope. "Notice to vacate" safika wopanda tsiku. "Failure to pay" satha chiganizo asanatchule masiku 7 kapena 30, ndipo pambuyo pake pamabwera mneni wamoyo, wokhala ndi nthawi yake: will result. Zimandigometsa kuti m'kalata yotere Chingerezi chimachira mwadzidzidzi matenda ake onse. Mwininkhani wapezeka, ndi inuyo, dzina lanu lalembedwa m'zilembo zazikulu popanda kuphonya n'chimodzi chomwe. Nthawi yapezeka, sitampu yadindidwa. Ngakhale m'malonda a ntchito, "ability to work under pressure" samasiyidwa m'malere ngati efforts to. Amayesedwa Lolemba loyamba lomwelo. Sindinaonepo chikwangwani chimene olemba ntchito akulonjeza "ability to pay on time", ngakhale galamala yake ndi yolondola ndithu, ndipo mphunzitsi aliyense angaichonge ndi cholembera chofiira.

Aphunzitsi a Chichewa adzandidzudzula kuti ndikunamizira chilankhulo cha eni, pamene chathu chimachita zomwezo, ndipo pano ndiyenera kuvula chipewa. Tili nako kamangidwe komweka, ndiponso kathu n'kokongola kuposa. Timatenga dzina, n'kuikapo wa, ya, cha kapena la, kenako mneni wa ku-, ndipo ziwirizi zimasungunukira pamodzi: ufulu wa kuvota umakhala ufulu wovota, nthawi ya kupita imakhala nthawi yopita. Mneni akakhala wamfupi, ku- uja amakana kumezedwa, n'chifukwa chake timati madzi akumwa, ndipo liwu limene timalikonda kuposa onse, chakudya, ndi cha kudya basi, chimene Mngerezi amachizungulira ndi mawu atatu, something to eat. Chichewa chimaposanso posiyanitsa agalu aja: wolondera ndi wina, womudyetsa ndi wina, ka -mu- kakuulula amene akupindula. Komabe ndivomere kuti "ganizo logula magalimoto" limabisa wogula mofanana ndi mnzake wa Chingerezi uja, ndipo "dongosolo lokonza msewu" lilibenso tsiku. Kusiyana kuli m'makutu mwathu. Mfumu ikanena pabwalo kuti pali dongosolo lokonza mjigo, gogo wina amafunsa pomwepo asanatsike pampando kuti liti, nanga akonze ndani, nanga ndalama tinasonkha zija zili kuti. Mawu omwewo akanenedwa m'Chingerezi ku BICC, ife timakhala otanganidwa ndi kugwedeza mutu kuti oyandikana nafe aone kuti tikumva. Pamene tikumaliza kumasulira m'mutu, wolankhula wakhala pansi, m'manja mwaombedwa, ndipo anthu ali pamzere wa tiyi ndi samusa. Funso la liti limatipeza tili m'minibasi.

Ena adzati ndine wosayamika, poti mapulani ena anatheka. Bwalo la Bingu National Stadium lilipo, linatsegulidwa mu 2017, ndipo msewu wodutsana m'mwamba pa Area 18 tikuyendapo, ife ena pansi pake. Adzaonjeza kuti ka to komweka ndiko kali mu "right to vote", ufulu umene uli m'Malamulo a dziko a 1994. Sindikukana. Koma taonani chimene chinachititsa kuti ufulu uwu usakhale m'gulu la efforts to: unapatsidwa tsiku. Pa 14 Juni 1993 anthu anaima pamzere wa riferendamu, pa 17 Meyi 1994 anaimanso posankha, ndipo masikuwo sanagwe okha ngati bango lija, anachita kukakamizidwa ndi anthu amene anatopa kugwedeza mutu. Bwalo nalo linatheka chifukwa penapake dzina linavula jekete n'kubwerera kukhala mneni, munthu wina anakumba, wina anasakaniza simenti. Umboni wa otsutsawa, mukauyang'anitsitsa, ukuimira mbali yanga. Chimene chimandisekesa ndi chakuti Malamulo omwewo amafuna kuti phungu azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti atenge nawo mbali m'zokambirana za m'nyumba ya malamulo. Tinaonetsetsa kuti otiimira onse akudziwa kunena plans to. Mayeso oona ngati ife owatuma tikumva sanaikidwe.

Chitsutso chowawa kwambiri n'chakuti ineyo ndilibe pakamwa ponenera, ndipo apa ndingoweramitsa mutu ngati mkamwini wogwidwa m'nkhokwe. Kamawuka ife wamba timakakonda kuposa mabwana, tangoti sitili ndi sitampu. Aliyense wa ife ali ndi "plan to build", ndipo puloti yake ili m'mutu, m'dera labwino kwambiri, moyandikana ndi Area 43. Tili ndi "intention to marry" imene yaona madzinja angapo, ankhoswe mpaka anaiwala kuti anatumidwa. Tili ndi "business to start", imene ikudikira kapito, kapito akudikira ngongole, ngongole ikudikira chikole, chikole ndi puloti ija. Tikamalemba kalata yofunsira ntchito timakathira ka to paliponse ngati mchere, osadziwa kuti pali to wina, mperekezi, amene safuna mneni wambulanda pambuyo pake. N'chifukwa chake timatseka kalata ndi "I look forward to hear from you", pamene eni ake amati hearing, ndipo timadabwa kuti sakutiyankha. Mwina si galamala imene imatilepheretsa, poti mphwake wa bwana analembanso chimodzimodzi n'kutengedwa, koma munthu uyenera kukhala ndi chifukwa chouza akunyumba.

Malo amodzi okha mu Lilongwe muno amene ndikudziwa kuti ka to kalibe mphamvu ndi pabanki mkhonde. Kumeneko mukhoza kufika mutavala jekete la pakaunjika, n'kufotokoza modekha kuti muli ndi "every intention to repay" komanso "willingness to cooperate", amayi a m'gululo akukumvetserani mwaulemu wonse, manja ali pachitenje. Mukamaliza, msungichuma amanyowetsa chala, n'kutsegula kope lija la chikuto chong'ambika, n'kuyankha m'Chichewa chokhala ndi mwininkhani, mneni ndi nthawi: "Abambo, inuyo mubweza Lachisanu, 4 koloko. Mukapanda kutero, ifeyo tibwera kudzanyamula matiresi."