Kaundula wa Malimba a M'kompyuta

Pali mtundu wina wa anthu umene Mlengi adaupatsa makutu osakhuta, ndiwo oimba malimba a m'kompyuta, amene amachezera usiku wonse akupotokola timabatani pofunafuna liwu lokoma, ndipo akalipeza tambala atalira kale, amalipotokolanso pang'ono, liwu lija n'kuthawa osabweranso. Paja akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Mukasuzumira m'makompyuta mwawo mupeza mafayilo otchedwa "lomaliza", "lomaliza 2" ndi "lomaliza lenileni", mwini wake osadziwanso limene lidakondweretsa mtima wake.

Tsono ena athawira kwa Git, kaundula amene Linus Torvalds adakonza m'chaka cha 2005 posamalira ntchito yaikulu ya Linux, osalota n'komwe kuti adzasunga kulira kwa chitoliro cha munthu wosowa tulo. Git saiwala kanthu: amalemba tsiku, ola, ndi chifukwa chimene wochimwayo wapereka. Odala ndi oimba limba lotchedwa Vital, pakuti mafayilo awo ndi malemba a JSON owerengeka ndi maso. Koma tsoka kwa okonda Dexed, wotsanzira Yamaha DX7 ya 1983, amene amalonga mawu 32 m'fayilo imodzi ya SysEx yosawerengeka ndi maso, pakuti pamenepo Git amangoti fayilo yasintha, osaulula kuti pati. Inu a Dexed, chonde lembani chifukwa chomveka posunga. Mawu akuti "ndakonza pang'ono" sadzakupulumutsani chaka chamawa.