Kamoto ka giza sikazima chifukwa cha ufiti

Ku America, kumene magiza ambiri amatenthetsa madzi ndi gasi, kamoto koyatsira kakazima munthu atangochotsa chala pa batani, mwini nyumba amatukwana gizayo. Amangoilakwira. Kawirikawiri vuto ndi kachitsulo kotchedwa thermocouple: kakatenthedwa kamatulutsa timagetsi ta mamilivoti pafupifupi 30, timene timagwira valavu kuti gasi azidutsa. Kakachita mwaye, kakatalikirana ndi lawi kapena kakakalamba, valavu imatseka dala. Wina anganene kuti bwanji osangopanikiza batanilo ndi kamtengo? Nzeru zotere zimadzaza gasi m'nyumba, ndipo maliro amadula kuposa kachitsuloko. Tsekani gasi, kapukuteni, yatsaninso mutadina batani kwa masekondi 60. Lawi likhale labuluu. Mukamva fungo la gasi, tulukani, muitane mmisiri.