Kagalimoto ndi ka Alamu, Eni Ake Ndife Tonse

Pa Mchinji Boma munthu ungabise matenda, ungabise ngongole ya katapila, mwinanso chibwenzi ungachibise miyezi ingapo, koma maganizo ogula galimoto sabisika. Ukangofunsa munthu mmodzi kuti, "Kodi Belta masiku ano ikupita pa zingati?" pomafika madzulo nkhani imakhala itadutsa pa Kamwendo, yakhotera ku Mkanda, ndipo anyamata osintha ndalama pa boda ya Mwami ayamba kale kukupatsa moni wa manja awiri. Wayilesi ya Mudzi Wathu imachita kutsalira m'mbuyo.

Matenda ogula galimotowa amavuta nyengo yokolola ikatha, fodya atapita ku okushoni ku Kanengo, soya ndi mtedza zitatengedwa ndi mavenda, m'thumba mwa munthu mukuyabwa. Chaka chino adagwira alamu anga, mphunzitsi wa pulayimale yemwe amalimanso soya kumudzi. Njinga yamoto adati ndi ya anyamata a kabaza. Sienta adaikaniratu: "Anthu aziyesa ndayamba matola." Iwo ankafuna galimoto yaulemu, ya buti kumbuyo, yoti ukaimika pa tchalitchi anthu adziwe kuti mukutuluka munthu. Mtima unkafuna yaikulu, koma thumba lidaloza tating'ono: Toyota Belta, Platz, kapena Nissan Tiida Latio.

Asadauze ngakhale akazi awo, dobadoba adali atafika kale pakhomo. Dobadoba alibe galimoto, alibe ofesi, laisensi ndiye musafunse, koma galimoto iliyonse ya pakati pa Namitete ndi Chipata amaidziwa ndi mbiri yake yomwe. Chida chake ndi foni yosweka galasi, yodzaza zithunzi za pa WhatsApp.

"Iyi, bwana, inali ya mayi wina wa ku banki. Kunyumba, kuntchito, kutchalitchi, basi. Fumbi siilidziwa."

Mayi wa ku banki ameneyu ndimafuna nditamuona ndi maso. Galimoto zomwe wagulitsa pa boma pano ndi zambiri kuposa za unduna wathunthu. Akatopa iye, galimoto imakhala ya bambo mfumu a ku mishoni, kapena ya mzungu amene akubwerera kwawo mawa m'mawa. M'dziko muno simudagulitsidwepo galimoto yomwe idanyamulapo mbuzi. Zonse zidakulira m'nyumba zopemphera.

"Komanso ndi yatsopano, bwana. Mafuta siimwa, imangonunkhiza."

Utsopano umenewu ndi wofunika kuumvetsa. Kampani ya Toyota idapanga Belta kuyambira 2005 mpaka 2012, ndipo mkulu wake Platz adasiya kupangidwa mu 2005. Ndiye kuti mwana wobadwa chaka chimodzi ndi Belta yotsiriza pano akutha kulemba yekha kalata yopempha fizi. Galimotoyo idayamba yatumikira munthu wina ku Japan, idakwera sitima ya pamadzi mpaka pa doko la Dar es Salaam, idalowa m'dziko muno pa Songwe, idakwera mapiri a Chiweta, ndipo idazunzika zaka zingapo mu Lilongwe isadaone msewu wa M12. Koma mukasuzumira pa kawotchi kowerenga makilomita, manambala ake ndi a galimoto yomwe idangopita kuchigayo ndi kubwerako.

Tsiku loiona, munthu sapita yekha. Alamu adatenga komiti: makaniko, amalume awo amene adakhalapo kondakitala wa basi kalekale, mkulu wa mpingo mmodzi, ndi ine wonyamula chikwama. Tidaipeza itaima m'mbali mwa msewu, yotsukidwa mpaka matayala akuwala ndi polishi wa nsapato.

Mwambo woyamba ndi kumenya tayala theche. Palibe amene amadziwa chimene theche limaulula, koma aliyense adamenya lake n'kugwedeza mutu. Mwambo wachiwiri ndi kutsegula boneti. Amuna onse tidaweramira mu injini, manja kumbuyo, nkhope zolimba, aliyense akuti "mmm" pa nthawi yake. Anthu odutsa adaima. Wogulitsa mazira owiritsa adatula thireyi yake pansi n'kupereka maganizo pa za radiyeta.

Amalume ndiwo adayamba kupeza vuto. Adawerenga ndi chala, adabwereza, kenako adakuwa:

"Atibera! Mapulagi atatu okha! Lachinayi achotsa!"

Zidatenga nthawi kuti makaniko awafotokozere kuti Belta ya injini ya lita imodzi idabadwa choncho, ndi masilinda atatu. Amalume sadakhutire. Adati basi yawo ija inali ndi asanu ndi limodzi ndipo inkakanikabe pa chitunda.

Makaniko adasolola kawaya koyezera oyilo, adapaka oyiloyo pa chala, adamufikisa, adamununkhiza. Adatenga sikuludiraiva, nsonga pa injini, chogwirira pa khutu, maso otsinzina. Tonse tidakhala chete. Ataweramuka adati, "Injini ndi mwana, aphunzitsi. Tinatake ting'onoting'ono tomwe tilipo tizikonza pang'onopang'ono." Muzimvetsa bwino mawu amenewo. Makaniko sangakuletseni kugula galimoto yodwala, chifukwa kwa iye galimoto yotero ndi dimba la m'dambo: amakololamo chilimwe ndi dzinja lomwe.

Alamu adakhala pa chiwongolero n'kutembenuza kiyi. Nthawi yomweyo mudamveka mawu a mayi akulankhula mwaulemu m'Chijapanizi. Amalume adavula chipewa.

"Tili bwino, mayi, kaya inu?"

"Akuti chiyani?" adafunsa alamu.

"Akuti injini ili bwino, muyende ndi Mulungu," adamasulira dobadoba, osaphethira n'komwe.

Pa kagalasi ka mapu, galimoto inkaoneka ili pakati pa nyanja, ife tili pafupi ndi msika. Wayilesi yake inkathera pa 90, monga zimakhalira ndi mawayilesi a ku Japan, moti nyumba zambiri zoulutsira mawu za kuno siinkazigwira. Dobadoba adati ndi ubwino wake: dalaivala sasokonezeka.

Kagetsi ka mafuta kadali kakuyaka kale. Wogulitsa galimoto sasiyamo petulo woti n'kuyatsira mbaula, ndiye alamu adagula malita awiri a galimoto ya eni. Tidanyamuka asanu ndi mmodzi. Pa hampu yoyamba kunsi kudamveka khwee! ndipo dobadoba adayamba nyimbo ya kwaya mokweza. Pa yachiwiri kudamveka gu! iye n'kufunsa mkulu wa mpingo za ulaliki wa Lamulungu lapitalo. Sindidaonepo munthu wokonda Mawu pa mahampu okhaokha.

Tsono padafika pa mtengo, ndipo mwini galimoto adatulukira kuseri kwa golosale komwe ankationera nthawi yonseyi. Kunenerera galimoto pa Mchinji ndi mpikisano wa umphawi. Anthu awiri ovala bwino amaima pa dzuwa, aliyense akuyesetsa kuoneka wovutika kuposa mnzake.

"Achimwene, ine galimoto iyi sindikadagulitsa. Ndi mwana wanga weniweni. Koma fizi ya ku koleji yandigwira pakhosi."

"Ndikumva, achimwene, koma soya chaka chino watigwetsa. Chotsanipo mita imodzi."

"Mita? Mukufuna ana anga adye chiyani? Ndi dola, achimwene, dola!"

Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola ndi amene amayankha mlandu uliwonse. Galimoto idalowa m'dziko muno kalekale, yatha matayala kangapo, koma imamvabe za dola. Kwina galimoto ikamakalamba mtengo umatsika. Kuno ikamakalamba ndi pomwe imakula ulemu.

Alamu adachita zomwe mwambo umafuna: adatsanzika mwaulemu n'kuyamba kuchoka, akuyenda pang'onopang'ono kuti aitanidwe. Mwini wake adalowa m'galimoto n'kuliza injini, koma osasuntha. Dobadoba adathamanga uku ndi uku, akunong'oneza alamu kuti wina wochokera ku Chipata akubwera ndi ndalama m'manja, kenako akunong'oneza mwini wake zomwe ife sitidamve. Pomaliza adagwirana chanza, aliyense akudandaula kuti waberedwa, ndipo dobadoba adalandira yake mbali zonse ziwiri.

Ndalama yaikulu m'dziko muno ndi K5,000, choncho mtengo wa kagalimoto kakang'ono umadzaza chikwama cha mwana wa sukulu. Adawerengera m'galimoto momwemo, mawindo otseka, thukuta lili kamukamu, malovu atha pa chala. Kunja khamu lidaima chapatali mwaulemu, likuwerenga nawo ndi milomo.

Mapepala ndiwo adabwera ndi nthabwala yawoyawo. Pa bulubuku padali dzina lina. Yemwe tinkamutcha mwini wake adagula kwa msuweni wake, msuweniyo adaitenga pa ngongole kwa munthu wina, ndipo munthu winayo ali ku Joni, foni yake siikupezeka. Kusintha umwini kumafuna kuti mwini wake weniweni aonekere ku Road Traffic ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 100. "Abwera pa Khirisimasi," adatero dobadoba, osatchula ya chaka chiti. Inshuwalansi idali itatha, COF idali itatha. Chokhacho chomwe chidali chisadathe ndi kafungo ka pichesi kolendewera pa galasi. Komabe alamu adathokoza kuti sadatengeke ndi ina ya nambala ya ku Zambia, yomwe imakhala yotchipa mpaka tsiku lomwe a MRA adzafunse za msonkho.

Kunyumba kudali nthungululu. Abusa adaipempherera, ana adaletsedwa kuiyandikira, galu adasamutsidwa pansi pa mtengo wa mango pomwe wakhala akugona moyo wake wonse. Mlandu woyamba udali wa mpando wakutsogolo. Mlongo wanga adati ndi wake mwa ukwati. Apongozi ake, mayi a alamu, adati mwanayo adamubereka ndi iwo, ndipo bondo lawo silipindika. Mpaka lero ulendo wa kutchalitchi umayamba ndi kukambirana kwa mayiko awiri.

Sabata isadathe alamu adasiya kukhala "aphunzitsi", adasanduka "bwana". Pamaliro adachotsedwa pa njerwa n'kupatsidwa mpando wapulasitiki pafupi ndi mafumu, ndipo wolemba chipepeso adayamba kuwayang'ana nthawi yaitali akapereka K2,000. Ukwati uliwonse wa m'dera lathu udawasankha kukhala wapampando wa za mayendedwe, iwo kulibe. Abale omwe adasowa chimwalirireni agogo adatulukira, aliyense ndi thumba loti lifike kumudzi.

Usiku pakati kumamveka kugogoda. "Odi, alamu! Pepani tadzutsa, matenda ayamba." Munthu ungakane bwanji? Amadzuka, jekete pamwamba pa zogonera, ulendo wa kuchipatala. Wodwala ndi mmodzi, operekeza anayi, kuphatikizapo mtolo wa nkhuni ndi mapoto. Pobwerera malipiro ake ndi amodzi: "Mulungu akudalitseni, alamu." Alamu adayesapo kupereka madalitso amenewa pa filing'i siteshoni, koma mnyamata wothira mafuta adati amalandira kashi, Mpamba kapena Airtel Money.

A ku Japan adalemba kuti kagalimoto aka ndi ka anthu asanu. Sadafunse a ku Mchinji. Kanyamulapo feteleza, malata, mbuzi ya chinkhoswe, ndi kwaya ya amayi ndi ng'oma yawo yomwe. Mu Ogasiti abale adagwirizana okha kuti kapita ku Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete, ndipo alamu adauzidwa tsiku lonyamuka. Kakalowa msewu wafumbi wa kumudzi, mimba yake imakwekwereza pansi, okwera n'kumatsika pa chigwembe chilichonse, kukankha, kukweranso. Potsika aliyense amamenyetsa chitseko ndi mphamvu zake zonse, alamu n'kutsinzina ngati chawapweteka ndi iwo.

Mafuta akasowa, bwana amagona pa mzere, kapena amagula wa m'zigubu wosadziwika chomwe asakanizamo. Tinatake ting'onoting'ono ta makaniko tija tidayamba kubwera motsatana: mashoko, mabushi, pampu ya mafuta. Sipeya amachita kuitanitsa ku Biwi ku Lilongwe, ikalephereka amakaisaka ku Chipata, ndipo ikafika imakhala ya galimoto ina. Makaniko pano wafolera nyumba yake ndi malata atsopano, ndipo alamu akamadutsa amawavulira chipewa ndi mtima wonse.

Masiku ano alamu amapita kusukulu pa njinga yawo yakale yakapalasa. Galimoto imatuluka pa matenda, pa maliro ndi pa maukwati a anthu ena. Loweruka lililonse amaitsuka okha, kuipukuta ndi thawulo labwino kuposa lomwe amasambira. Ndidawafunsa ngati akuganiza zoigulitsa.

"Alamu, walira mvula walira matope. Komanso ndikaigulitsa anthu anena chiyani? Aziti ndagwa."

Ameneyo ndiye msampha weniweni. Pa boma pano kukhala wopanda galimoto si mlandu, koma kukhalapo nayo kenako n'kuyenda pansi ndi nkhani yokambidwa mpaka ku Kapiri. Munthu amalolera kudya nsima ya mchere kuti kagalimoto kaoneke pakhomo.

Tsono inu a pa Mchinji Boma amene mwamva kuti mnansi wanu wagula Belta ndipo mwayamba kale kukonza maulendo anu, galimotoyo ndi yanu ndithu, palibe akukutsutsani. Koma mwini chinthu amasamala chinthu chake. Mukakwera sonkhaniko ya petulo, mbuzi muisiye ibwere pa ngolo, ndipo potsika tsekani chitseko pang'onopang'ono.